Mudzi wa Ana ku Tete ndi Mbumba za ku Chifunde

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pali funso limene limabwera kawirikawiri tikakumana, makamaka kucokera kwa agogo amene atsala okha ndi adzukulu: kodi bwanji a mpingo sapempha azungu kuti atimangire mudzi wa ana amasiye kuno ku Chifunde, monga uja wa SOS ku Tete? Funsoli sitilipeputsa ai, pakuti olifunsa ndi anthu otopa. Koma tisanayankhe, tiyeni tione kaye mmene makolo athu analerera mwana wamasiye, cimene cinagwedeza cikhalidwe cimeneco, ndi kumene mudzi wa ku Tete unacokera.

Kwathu kuno, m'mbali mwa mitsinje ya Luia ndi Capoche, m'dziko limene kale linali pansi pa Undi, mwana ndi wa kucikazi. Bambo ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira. Mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wa amayi, ndipo ndiwo nkhoswe ya mwana pa mlandu, pa matenda ndi pa ukwati. Taonani mmene cinenero cathu cimachulira abale. Mng'ono wa amayi ako timati amayi aang'ono, mkulu wao amayi aakulu, ndipo ana ao ndi abale ako enieni, sungakwatirane nao. Tsono amayi akatsikira kuli cete, mwana sanasamuke mudzi. Anangocoka pa khomo ili kupita pa khomo ilo, pa bwalo lomwelo, kumwa pa citsime comweco, ndipo munda wa amayi ake unamdikira mpaka akule. Maphunziro akenso anali pomwepo: nthano za agogo madzulo, khasu ndi mtondo masana, gowelo, kenaka cinamwali.

Tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Aliyense wa ife adziwa mwana wamasiye amene anadya makoko a mumphika anzake atakhuta, amene anaweta mbuzi pamene ana a mwini nyumba anali kusewera. Ngakhale mwambi uja tiukonda kuuchula pa maliro, wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, uli ndi mcira wake: ukacenjera manja udya naye. Ndiye kuti ena analera akuyang'ana phindu. Ndipo m'zaka za m'ma 1800, pamene Acikunda ndi Apwitikizi anali kuzungulira dera lino kufuna minyanga, golide ndi akapolo, munthu wopanda nkhoswe yamphamvu ndiye anali wapafupi kuperekedwa ngati cikole ca mlandu. Komabe dongosolo linalipo, ndipo mwana anadziwa kwa yemwe angakadandaule.

Dongosololi linayamba kugwedezeka pa nthawi ya atsamunda. Cibalo ndi msonkho zinatulutsa amuna, ena kuthawira ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ena kuoloka malire a kumpoto. Undi mwini anasamukira ku Northern Rhodesia m'caka ca 1935. Mu 1968 nkhondo ya ufulu inafika m'cigawo ca Tete, ndipo asilikali a Cipwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda, ija ankati aldeamento, osasamala kuti uyu ngwa mbumba iti. Ufulu unabwera mu 1975, koma mpumulo unali waufupi. Nkhondo ya zaka 16 ndiyo inatha nchito. M'zaka za m'ma 1980 midzi yambiri ya boma lino inasanduka mabwinja. Ena analowa Zambia kudzera ca ku Cassacatiza ndi njira za m'thengo, nakathera ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Ena analowa Malawi, dziko laling'ono limene linasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi.

Apa m'pamene panabadwa mtundu wina wa umasiye umene makolo sanaudziwe. Kale mwana anafedwa amayi koma mbumba iri ciriri. Tsopano mbumba yonse inamwazikana usiku umodzi: amayi aang'ono ku Zambia, atsibweni ku Malawi, agogo osadziwika kumene anagwera. Mwana anatoledwa pa njira ndi munthu wacilendo. Mwina makolo ake anali moyo, koma ndani akanadziwa?

Boma la Mozambique pa nthawi imeneyo linasankha njira imene ife tiiyamikira. M'malo modzaza ana m'nyumba za ana amasiye, m'caka ca 1988 linayamba nchito yofufuza abale ndi kubwezera ana kwao, mothandizana ndi mabungwe monga Save the Children. Anajambula ana zithunzi, nalemba zonse zimene mwana anakumbukira, ndipo mapepala anapacikidwa m'misasa ndi m'misika, anthu odzipereka akuyenda nao mudzi ndi mudzi. Ana zikwi zambiri anapeza abale ao motere. Inu aphunzitsi, gwirani mfundo iyi: mwana amene anatha kuchula dzina la amayi ake, dzina la nyakwawa ndi mtsinje wa kwao, anali ndi mwai waukulu. Amene anangodziwa kuti "amama" ndi "kwathu", pepala lake linakhala loyera. Moyo wa munthu unalendewera pa maina atatu kapena anai.

Ndiye panatsala ana amene palibe anawazindikira. Mudzi wa SOS ku Tete unabwera pa nthawi yoteroyo. Unamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mfuti zikulirabe, ndipo ndiwo unali woyamba wa bungweli m'dziko lino. Ina inatsatira ku Maputo, Pemba, Inhambane, Beira ndi Chimoio, ndiponso kwa anansi athu ku Lilongwe, Lusaka ndi Chipata.

Ganizoli linacokera ku Austria. Hermann Gmeiner anabadwa mu 1919, mwana wa mlimi, ndipo amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anamlera ndi mlongo wake wamkulu. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, iye anaona ana ambiri osowa pokhala, nasiya maphunziro a udotolo, namanga mudzi woyamba ku Imst m'caka ca 1949. Nyumba za ana amasiye za ku Ulaya masiku amenewo zinali ngati misasa ya asilikali: cipinda cimodzi cacikulu, mabedi mizeremizere, belu la kudzuka ndi belu la kugona. Gmeiner anafuna zinthu zinai m'malo mwake: mayi, abale, nyumba ndi mudzi. Mayi mmodzi, wophunzitsidwa ndi wolipidwa, akhale m'nyumba yake ndi ana ocepa, aziphika yekha ndi kusunga yekha ndalama za pakhomo. Anyamata ndi atsikana a misinkhu yosiyana akulire pamodzi, ndipo ana a mimba imodzi asalekanitsidwe. Nyumba zingapo zotere zipange mudzi, pafupi pakhale sukulu. Mwana akakula apite ku nyumba ya acinyamata kukaphunzira nchito ya manja kapena kupitiriza sukulu. Gmeiner anamwalira mu 1986.

Mukaciyang'ana bwino cinthuci, muona kuti mzunguyu anali kuyesa kumanga ndi njerwa ndi ndalama cimene ife tinali naco kale mwa cibadwidwe. Mlongo wamkulu kusanduka mayi, ana a nyumba zoyandikana kuitanana abale, si mbumba imeneyo? Anatibweretsera cithunzi ca cinthu cathu comwe pa nthawi imene ceniceni cinali citasweka.

Ndipo tinene cilungamo, mudziwu unapatsa ana zimene ife tinalibe. Pamene masukulu ambiri a kumidzi ya Tete anali otsekedwa kapena otenthedwa, aphunzitsi atathawa, mwana wa m'mudzi wa SOS anali pa desiki tsiku ndi tsiku. Anadya, anagona m'nyumba, akadwala anaonana ndi namwino. Tikumbukire kuti m'badwo wa ana athu amene anakulira m'thengo zaka zimenezo ndiwo ambiri a iwo akhala pa mabenchi a makalasi anu lero, imvi ziri mbuu, akuphunzira kugwira pensulo. Iwo adziwa mtengo wa zaka za sukulu zimene zinatayika. Amayi amene anasiya zao zonse nalera ana a anthu osawadziwa, ife tiwavulira cipewa.

Koma pali zimene mudzi womangidwa sungapereke, ndipo pa izi tifuna kucedwapo pang'ono. Coyamba ndi cinenero. Ku Tete m'tauni anthu amalankhula Cinyungwe ndi Cipwitikizi. Mwana wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzu akapita kumeneko ali wa zaka zitatu, akadzabwera ali mnyamata sangamvane bwino ndi agogo ake. Izi si zazing'ono. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa m'cigawo ca Tete comwe cino kuyamba kuphunzitsa ana m'Cinyanja asanalowe m'Cipwitikizi, cifukwa zinaoneka kuti mwana amagwira msanga m'cinenero ca pa bere.

Caciwiri ndi atsibweni. M'mudzi wa ana muli mayi, muli mkulu woyang'anira mudzi, koma mulibe mwini mbumba. Mnyamata akafuna kukwatira, nkhoswe yake ndani? Mtsikana akazunzidwa pa ukwati, athawira kwa yani? Akamwalira, maliro ake alowa manda ati? Bungwe limakulera mpaka utaima pawekha, koma mbumba imakusunga mpaka kumanda.

Cacitatu ndi munda. Lamulo la malo la 1997 limazindikira malo amene anthu akhalapo mwa mwambo, ndipo limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi pamene palibe pepala. Lamuloli ndi labwino kwa ife osauka. Koma umboni umafuna anthu okudziwa. Mwana amene anacoka ali wakhanda, nabwera patapita zaka 20, apeza munda wa amayi ake wina anadzalamo kale fodya, ndipo akuluakulu angoti, "Ameneyu sitimdziwa." Akalephera kupeza nchito m'tauni, ndiye kuti wagwa pakati: kuno alibe khasu, uko alibe malipiro.

Palinso nkhani yowawa imene sitingaibise. M'caka ca 2021 bungwe la SOS la dziko lonse linavomera poyera kuti m'maiko ena ana anazunzidwa m'manja mwake ndipo madandaulo sanasamalidwe bwino, ndipo linapepesa. Mu 2025 nthambi ya ku Austria inaulula kuti panali madandaulo akuti Gmeiner mwini anazunza anyamata ena, ndi kuti odandaulawo anapatsidwa cipepeso. Sitinena izi poneneza amayi a ku Tete ai. Tinena kuti malo alionse amene mwana alibe wake wakunja womufunsa kuti "uli bwanji?", kaya ndi a bungwe, a boma, kaya a mpingo wathu womwe, ngozi iripo. Ndipo iriponso pa khomo la amayi aang'ono ngati mudzi watseka maso.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu anabwerera, midzi inamangidwanso, mbumba zinayamba kulumikizana. Tisanapume, Edzi inalowa, ikuyenda ndi miseu ikuluikulu yopita ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Nkhondo inamwaza mbumba, koma matendawa anaidya pakati: anatenga amayi, amayi aang'ono ndi atsibweni, nasiya agogo ndi tiana. Ana amasiye anacuruka kotero kuti ngakhale midzi ya SOS ikanamangidwa m'boma lirilonse, sikanakwana. Nyumba imodzi ya njerwa, mayi wolipidwa, cakudya, sukulu ndi mankhwala kwa zaka zonse za ubwana, ndalama zake zingathe kucirikiza makomo ambiri a agogo. Bungwe la SOS lomwe linaona zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 2000 linayamba nchito yolimbikitsa mabanja kuti mwana asacoke pakhomo. Lamulo la banja la 2004 linazindikira banja lolandira mwana, lija m'Cipwitikizi amati família de acolhimento. Mu 2009 bungwe la United Nations linagwirizana pa malangizo akuti mwana asacotsedwe kwa abale ake cifukwa ca umphawi wokha, ndi kuti malo osungirako ana akhale pothawira potsiriza.

Tsono yankho lathu kwa agogo aja ndi ili: mudzi wa ana uli ndi malo ake, kwa khanda lotayidwa, kwa mwana amene abale ake afufuzidwa osapezeka, kwa amene pakhomo pasanduka poopsa. Oterewa tiwatengere kwa a Acção Social ku boma, tisawabise. Koma ana amasiye ambiri a ku Chifunde ali ndi mbumba. Cimene cikusowa ndi cimanga m'nkhokwe ya agogo, kope ndi yunifomu, ndi munthu wofunsa cifukwa cake mwana sanapite ku sukulu sabata yonse.

Pali nchito imodzi imene inu otsogolera makalasi mungaigwire kuposa wina aliyense, cifukwa muli ndi pensulo ndipo mumakumana ndi agogowa kawiri kapena katatu pa sabata. Patulani kope limodzi. Mwana wamasiye aliyense wa m'mudzi mwanu akhale ndi tsamba lake. Lembani dzina lake ndi caka cobadwa, dzina la amayi ake ndi la amayi a amayi ake, mfunda wao, dzina la bambo ndi kumene anacokera, atsibweni ndi kumene ali, ngakhale kukhale ku Katete kapena ku Dedza. Lembani munda wa amayi ake, malire ake ndi amene akuulima tsopano, nyakwawa iri pomwepo. Lembani ngati ali ndi sedula ya kubadwa, ndi kalasi imene ali. Musalembe nokha zonse. Agogo amene afika potha kulemba maina, apatseni pensulo alembe okha dzina la mwana wao amene anapita ndi la mdzukulu amene watsala, likhale phunziro la tsiku limenelo. Ngati mwana apita ku Tete kapena kwina kulikonse, kopani tsamba lake, limodzi apite nalo, lina litsale kwa nyakwawa, ndipo mugwirizane ndi atsibweni mwezi umene adzapita kukamuona.