Mipikisano ya "Gulani Muwine": Mwayi Wake ndi Phindu Lake kwa Wogula wa ku Chama

Mpikisano wa malonda ndi masewera amene kampani imakonza pofuna kuti anthu agule katundu wake mobwerezabwereza, powalonjeza mphoto. Wogula amalandira kapepala kokanda, nambala yolembedwa kunsi kwa citsekero ca botolo, kapena lisiti limene nambala yake amaitumiza pa lamya. Pa cikwangwani pamaoneka galimoto yatsopano kapena mulu wa ndalama, koma mphoto zimene anthu ambiri amalandira ndi botolo lina la cakumwa, chipisi pang'ono kapena talktime.

M'dziko la Zambia masewera otere amacitika m'malo ogulitsa nkhuku yokazinga ndi chipisi, m'masitolo akuluakulu, pa zakumwa zoziziritsa kukhosi ndiponso m'makampani a lamya. Malo odyera monga Hungry Lion, amene anayamba mu 1997 pansi pa kampani ya Shoprite, ndi KFC, ali m'mizinda ndi m'matauni akuluakulu. Munthu wa m'boma la Chama amawaona akakhala pa ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka. Cimene cimafika pa kantemba ka kwa Kambombo, kwa Tembwe kapena kwa Chikwa ndi citsekero ca botolo ndi uthenga wa pa lamya. Ngakhale zili tero, masamu amene amayendetsa mipikisano yonseyi ndi amodzimodzi.

Kumene masewerawa anachukira

Mpikisano wodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi wa kampani ya McDonald's, imene ilibe nthambi mu Zambia. Unayamba ku America mu 1987 ndipo umachedwa Monopoly. Wogula cakudya amapeza tumapepala tomatidwa pa kapu kapena pa cikwama ca chipisi. Twina tumapereka mphoto nthawi yomweyo. Twina tumakhala ndi maina a misewu, ndipo munthu ayenera kusonkhanitsa tuwiri kapena tutatu twa gulu limodzi kuti alandire mphoto yaikulu.

Pa nchito yosonkhanitsayi m'pamene pagona cinsinsi. Kuti munthu alandire madola 1 miliyoni anafunika tumapepala tuwiri cabe, kolembedwa Park Place ndi kolembedwa Boardwalk. Park Place anali kusindikizidwa wambirimbiri, kotero kuti aliyense wodya kumeneko kawirikawiri anali naye. Boardwalk anali wosowa zedi. M'zaka za 2013 ndi 2014 malamulo a kampaniyo anaonetsa kuti mwayi wom'peza unali umodzi pa mamiliyoni opitirira 500.

Ciwerengero cimeneci n'cobvuta kucimvetsa popanda kuciyerekeza ndi cinthu cina. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti mu Zambia muli anthu okwana 19.6 miliyoni. Munthu aliyense wa dziko lino, kuyambira khanda lobadwa dzulo mpaka nkhalamba, atapatsidwa tumapepala 26, ndiye kuti pa mulu wonsewo kapepala kamodzi kokha ndiko kakanakhala kopambana.

Munthu wokhala ndi Park Place m'thumba amadziona ngati wayenda theka la ulendo. Zoona zake n'zakuti sanayambe n'komwe, popeza kapepala kamene ali nako kali ndi anthu mamiliyoni ambiri. N'cimodzimodzi ndi mipikisano yosonkhanitsa zilembo za pa zitsekero kuti zipange dzina. Pa zilembo zisanu, zinayi zimapezeka mosabvuta ndipo cimodzi cimasindikizidwa mocepa dala. Mwana amene wasunga zilembo zinayi m'citini amaumiriza makolo ake kugula botolo lina, poganiza kuti catsala n'cimodzi cokha, pamene mwayi wake ndi wofanana ndi wa mnzake amene alibe ciliconse.

Kampani yomweyo inali kulengezanso kuti "mmodzi pa anayi amawina". Mawuwo sanali bodza, koma pafupifupi mphoto zonse za mmodzi pa anayiyo zinali zakudya zing'onozing'ono. Ndipo wopambana madola 1 miliyoni nthawi zambiri sanali kulandira ndalamazo pakamodzi. Anali kupatsidwa madola 50,000 caka ciliconse kwa zaka 20. Anthu a mu Zambia, amene anaona kwacha ikucepa mphamvu mpaka kucotsedwa ziro zitatu mu Januwale 2013, amadziwa bwino kuti ndalama yolandira patapita zaka 20 siigula zimene ingagule lero.

Kawerengedwe ka phindu la citsekero

Phindu lenileni la citsekero cimodzi kapena kapepala kamodzi limapezeka pophatikiza mtengo wa mphoto zonse, kenako n'kuugawa ndi ciwerengero ca zitsekero zonse zimene zasindikizidwa. Ziwerengero zotsatirazi n'zongoyerekeza, si za kampani iliyonse.

Tinene kuti kampani yatulutsa mabotolo 2 miliyoni, lililonse pa mtengo wa K10. Mphoto zake ndi galimoto imodzi ya K400,000, malamya 100 a K1,000 iliyonse, ndi mabotolo aulere 200,000. Mphoto zonse pamodzi zikukwana K2.5 miliyoni. Ndalamazi zikagawidwa pa mabotolo 2 miliyoni, citsekero ciliconse cimakhala ndi phindu la K1.25. Pa ndalama imeneyi, K1 yathunthu ndi ya botolo laulere lija. Malamya ndi 5 ngwee. Galimoto imene yadzaza cikwangwani conse ndi 20 ngwee basi.

Munthu amene waononga K1,000 kugula mabotolo 100 ali ndi mwayi umodzi pa 20,000 wopeza galimotoyo. Kuti mwayi wake ufike theka, ayenera kugula mabotolo 1 miliyoni, kutanthauza K10 miliyoni pofuna galimoto ya K400,000. Ndipo womwa botolo limodzi tsiku lililonse angafunike zaka zopitirira 5,000 kuti amalize mabotolo onse 2 miliyoni.

Botolo laulere nalonso liyenera kuonedwa bwino. Kwa wogula ndi K10, koma kampani imaononga zocepera pamenepo kulipanga. M'malo odyera, wobwera kudzatenga chipisi caulere kawirikawiri amagulanso nkhuku ndi cakumwa, ndipo ena ambiri amataya kapepala kapena amakumbukira tsiku litapitirira. Apa m'pamene kampani imapezera phindu, ndipo palibe cinyengo pamenepa ngati malamulo alembedwa poyera. Mpikisano ndi njira yotsatsira malonda, monga cilengezo ca pa wailesi. Kampani imaukonza itawerengera kale kuti ndalama zobwera cifukwa ca kugula kowonjezereka zidzaposa mtengo wa mphoto.

Kusiyana kwake ndi njuga n'kwakuti wogula amakhala ndi cakumwa kapena cakudya m'manja. Amene akanagula botolo limodzi ngakhale popanda mpikisano sataya kanthu, citsekero ndi mbasela cabe. Kutaya kumayamba pa botolo laciwiri, logulidwa cifukwa ca citsekero osati cifukwa ca ludzu. Palinso mtengo wina wosaoneka pa lisiti. Botolo la theka la lita la Coca-Cola lili ndi shuga wokwana magalamu 53, pamene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya cakudya ca tsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50.

Mtunda wa ku Chama

Boma la Chama lili m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa. Linacotsedwa m'cigawo ca kum'mawa kupita ku Muchinga mu 2011, ndipo linabwezedwa mu 2021. Anthu ambiri kumeneko ndi alimi a mpunga, cimanga ndi thonje, ndipo mpunga wa ku Chama ndi wochuka m'dziko lonse, makamaka kudzera m'bungwe la COMACO limene limaugula kwa alimi. Ndalama zimalowa m'mabanja ambiri kamodzi pa caka, pambuyo pa kukolola, ndipo ziyenera kukwanira mbewu, feteleza ndi zofunika za ana a sukulu mpaka mvula itagwanso.

Kwa munthu wa kumeneko, mtunda umacepetsanso mtengo wa mphoto. Kucokera ku Chama kupita ku Chipata kudzera ku Lundazi ndi makilomita opitirira 300, ndipo kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ena opitirira 550. M'nyengo ya dzinja mitsinje yotsikira ku Luangwa imadzaza ndipo midzi ina imakhala yosafikika. Kapepala ka chipisi caulere kamene munthu wabwera nako kucokera ku Lusaka kamatha nchito asanapezenso ulendo wina. Lamya ya K1,000 yofunika kukatengedwa ku likulu la kampani ingathe kucepera pa ndalama ya basi, malo ogona ndi cakudya ca panjira. Ngakhale botolo laulere limadalira mwini kantemba, amene angakane kulandira citsekero ngati galimoto ya kampani yobweza mabotolo sifika kwao kawirikawiri.

Motero mfundo za m'malamulo a mpikisano zimene zimakhudza kwambiri wogula wa ku Chama ndi tsiku lotsekera, malo otengera mphoto, ndi amene alipira ulendo. Kumene mpikisano umafuna kutumiza nambala pa lamya, m'pofunikanso kudziwa mtengo wa uthenga uliwonse, cifukwa manambala ena afupiafupi amadula kuposa uthenga wamba.

Pamene mipikisano inasokonekera

Ziwerengero zonse zapamwambazi zimagwira nchito ngati mpikisano wayenda moona mtima. Mbiri imaonetsa kuti nthawi zina sizitero. Mu Ogasiti 2001 apolisi ofufuza a FBI ku America anamanga Jerome Jacobson, amene anali mkulu wa citetezo pa kampani ya Simon Marketing, yomwe inali kuyendetsa mpikisano wa McDonald's. Kuyambira mu 1989 iye anali kuba tumapepala twa mphoto zikuluzikulu ndi kutugulitsa kwa acibale, abwenzi ndi anthu ena, amene anali kudzionetsa ngati opambana. Mphoto zobedwa zinakwana madola pafupifupi 24 miliyoni. Anthu opitirira 50 anapezeka ndi mlandu, ndipo Jacobson analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 37. Kwa zaka zambiri ogula anali kufunafuna kapepala kamene kanali kale m'thumba la mlonda.

Ku Philippines mu 1992 vuto linali kulakwitsa kwa kampani. Pepsi inakonza mpikisano wa manambala a pa zitsekero, mphoto yaikulu ili mapeso 1 miliyoni. Pa 25 Meyi inalengeza kuti nambala yopambana ndi 349, koma nambala imeneyo inali itasindikizidwa pa zitsekero mazana a zikwi. Kampani inakana kulipira, n'kupereka mapeso 500 kwa aliyense monga cipepeso. Kunabuka zipolowe, magalimoto a kampani anatenthedwa, ndipo anthu osacepera asanu anafa. Milandu inatenga zaka zambiri, ndipo mu 2006 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera kampani.

Uthenga wa "mwawina"

Vuto lofala kwambiri mu Zambia ndi la akuba amene amabisala kumbuyo kwa mipikisano yeniyeni. Munthu amalandira uthenga kapena kuimbiridwa lamya kuti wawina ndalama kapena galimoto mu mpikisano umene sanalowemo n'komwe. Kenako amauzidwa kutumiza ndalama "yotsegulira" mphotoyo kudzera pa mobile money, kapena kuchula nambala yake yacinsinsi ya PIN. Akubawo amagwiritsa nchito maina a makampani odziwika, ndipo amafulumizitsa munthu kuti asapeze mpata wofunsa anzake. Mphoto yeniyeni siifuna kuti wopambana ayambe walipira, ndipo makampani a Airtel, MTN ndi Zamtel akhala akucenjeza kuti anchito ao safunsa PIN ya munthu.

Nambala ya wakuba ingaperekedwe ku bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA poimba *707#. Madandaulo okhudza kampani yeniyeni, monga kukana kupereka mphoto kapena kulengeza zosoceretsa ogula, amapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene limagwira nchito pansi pa lamulo nambala 24 la mu 2010. Wodandaula amafunika kusunga citsekero, lisiti kapena uthenga wa pa lamya monga umboni.