Asamuke ndani, munthu kapena windo?

Nkhaniyi inayambira ku California mu 1986. Austin Henderson ndi Stuart Card, akatswiri a ku Xerox PARC, anaona kuti sikirini ya kompyuta imachepa pamene ntchito zachuluka. Anapanga pulogalamu yotchedwa Rooms, yomwe inkagawa mawindo m'zipinda, ntchito iliyonse ndi chipinda chake. Kwa ife a ku Chikwawa zimenezi si zachilendo. Munthu amakhala ndi munda kumtunda komanso dimba m'mphepete mwa Shire, ndipo amadziwa khasu lomwe analisiya kudimba.

Nzeruyi inafalikira pa makompyuta a Unix, mwa zina kudzera mu pulogalamu ya tvtwm ya Tom LaStrange cha mu 1990. Kenako mu Ogasiti 1995 Microsoft inatulutsa Windows 95 yokhala ndi taskbar, kamzere ka m'munsi kosonyeza mawindo onse otsegula. Pamenepo panalibe chovuta, pakuti desikitopu inali imodzi basi.

Mutu unayamba kuwawa pamene KDE, yomwe Matthias Ettrich anaiyambitsa mu 1996, ndi GNOME ya 1997 zinaika pamodzi zinthu ziwirizi, taskbar ndi madesikitopu angapo. Ukadina dzina la windo lomwe lili pa desikitopu ina, chichitike n'chiyani? Upite ndiwe kudimba, kapena khasu likupeze kumtunda? Apple inabweretsa Spaces mu 2007 nkusankha kuti asamuke ndi munthu, ngakhale pambuyo pake inaika pozimitsira khalidweli. Microsoft inachedwa mpaka Windows 10 mu 2015, ndipo imakufunsa ngati taskbar ionetse mawindo a madesikitopu onse kapena a pomwe uli pokha. Plasma ya KDE lero imapereka njira zitatu: kukupititsa, kukubweretsera windolo, kapena kusachita kalikonse.

Ine ndimati funso lalikulu n'lakuti waitana ndani. Ndikadina ndekha pa taskbar, ndanena komwe ndikufuna, andipititse. Koma pulogalamu ikangofuna kuonedwa, iphethire pa taskbar pomwepo, ndidzabwera ndikamaliza.

Ndinaziona masana ena a Okutobala ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo, batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha. Ndinali mkati molemba lipoti pamene pulogalamu ya mauthenga inandikokera ku desikitopu ina osandifunsa. Zala zinali zikuthamangabe pa kiyibodi, maso ali papepala, ndipo theka la chiganizo cha lipoti linapita kwa mlamu wanga.