Wayilesi ya Sefuliya: Mmene Chinyanja Chidaolokera Malire

M'masiku a makolo, uthenga wa mfumu unkayenda ndi ng'oma ndiponso miyendo ya amithenga. Malire amene atsamunda adalemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 adagawa anthu a Kalonga m'maiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ndipo mu 1934 mwambo wa Kulamba udaletsedwa. M'zaka za chiletsozo mudabadwa mthenga wina amene sankafunsidwa chiphaso pamalire. Mthengayo ndi wayilesi.

Oyamba kuyesa lusoli ku Northern Rhodesia adali azungu a ku migodi ya Copperbelt, amene ankachita za wayilesi mongodzisangalatsa m'makalabu awo, akulumikiza okha zipangizo ndi kuponya mawu mumlengalenga. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, boma lidaona phindu la ntchitoyi, ndipo mu 1941 lidatsegula kanyumba koulutsira mawu ku Lusaka kuti anthu, makamaka abale a asilikali, azimva za kunkhondo. Vuto lidali lakuti wayilesi inkagulidwa ndi olemera okha. Anthu wamba ankamvera pagulu, m'maholo a m'tauni kapena pa boma.

Nkhondo itatha, mkulu woona zofalitsa nkhani m'dzikolo, Harry Franklin, adafunafuna kampani yoti ipange wayilesi yotchipa, yosafuna magetsi, yotha kupirira fumbi ndi kutentha. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain idavomera, ndipo mu 1949 idafika wayilesi yotchedwa Saucepan Special. Dzinali lidadza chifukwa thupi lake lidali lachitsulo, lozungulira ngati sefuliya yophikira ndiwo. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25, ndipo mabowo ake adatchingidwa kuti tizilombo tisamangemo nyumba. Mphunzitsi, kalaliki kapena wobwera kumigodi akaigula, khonde lake linkasanduka bwalo madzulo alionse.

Nyumba ya ku Lusaka ija, imene tsopano inkatchedwa Central African Broadcasting Station, inkatumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Chinyanja chidapatsidwa nthawi yake pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Apa mpamene padachitika chinthu chachikulu pa mbiri ya chilankhulochi. Mayi wa ku Dedza, mlimi wa ku Katete ndi mtchona wa ku Salisbury adayamba kumva mawu amodzimodzi pa ola limodzi. Pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa inkalandira makalata a omvera opempha nyimbo ndi kupereka moni, motero amene adatayana ndi abale kwa zaka zambiri ankamva dzina la kwawo likutchulidwa kuchokera m'sefuliya muja.

Pakati pa mawu amene adazolowereka m'makutu a anthu padali a Alick Nkhata, muulutsi ndi woimba gitala, amene ankaimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Iye adagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, wojambula nyimbo za makolo, ndipo adasonyeza kuti nyimbo ya kumudzi ikhoza kuvala zatsopano osataya mwini wake. Antchito a nyumbayo ankayendanso m'midzi kujambula nyimbo, ndipo zimene zikadathera pabwalo limodzi zidamveka m'maiko atatu.

Komabe sefuliyayo inkaphikanso za eni moto. Boma litafuna kukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akuchikana, omvera ambiri adayamba kukayikira wayilesi. Mphekesera idawanda yakuti aulutsi ena adagwirizana ndi anamapopa, amene kumeneko ankatchedwa banyama, ndipo aulutsi achikuda adakhala mwamantha pakati pa anthu awo omwe. Peter Fraenkel, amene adagwira ntchito pa nyumbayo, adalongosola za masiku amenewa m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, la mu 1959. Anthu adaphunzira kuti kumva chilankhulo chako pawayilesi sikutanthauza kuti mawuwo ndi ako.

Mu 1958 ntchito youlutsa mawu idalowa m'manja mwa bungwe la chitaganya. Ufulu utabwera mu 1964, Malawi adakhazikitsa Malawi Broadcasting Corporation, ndipo Zambia nayo idatenga nyumba yakeyake, mmene Chinyanja chikumvekabe mpaka lero. Pamene Kulamba kudatsitsimutsidwa mu 1984 ku Mkaika, ana a Kalonga adapezana akumvanabe, ndipo wayilesi ili ndi gawo lake pa kumvanako.

Chotsala ndi ntchito yosunga. Zina mwa nyimbo zimene Tracey adajambula ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zili ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Zambiri zili m'matepi ndi m'mbale zakale, m'nyumba zoulutsira mawu ndi m'masutikesi a mabanja, mmene chinyezi ndi chiswe sizisankha. Agogo amene adakhala pakhonde kumvera wayilesi ya sefuliya akucheperachepera. Mabanja ambiri odza ku mwambo uno ali ndi foni yotha kujambula mawu, ndipo gogo wofunika kufunsidwa ali pamkeka pomwepo.