Kagundidwe ka mawu mu The Rime of the Ancient Mariner

Ndakatulo yosimba nkhaniyi, yolembedwa ndi Samuel Taylor Coleridge, idatuluka mu 1798 m'buku la Lyrical Ballads. Ndime zake zambiri zili ndi mizere inayi: woyamba ndi wachitatu imagunda kanayi, wachiwiri ndi wachinayi katatu, ndipo iwiri yofupikirapoyi imathera m'mawu omveka mofanana. Kagundidweka adakatenga ku nyimbo zakale za anthu wamba a ku England ndi Scotland, ndipo ndiko kamagwira womvera monga mkulu wapanyanja wa m'ndakatuloyi amagwirira mlendo wopita ku ukwati. Ena amati kuwerengera kugunda kumapha kukoma kwa ndakatulo. Komatu wodziwa muyeso ndiye amamva ndime ikatalika kufika mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ngati kuti mantha a mkuluyo, amene adapha mbalame ya albatross, asefukira.