Sitima Zamalasha Zomwe Zidakana Kufa

Mu 1950 kanjanji ka Talyllyn, ku Wales, kadali katatsala madzi amodzi. Kadamangidwa mu 1865 kuti kazitsitsa miyala yofolerera nyumba kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys kupita ku Tywyn, m'mbali mwa nyanja. Mgodiwo udatsekedwa mu 1946, ndipo mwini njanjiyo, Sir Henry Haydn Jones, atamwalira mu 1950, ambiri ankangodikira tsiku loti zitsulo zizulidwe. Koma mlembi wina, Tom Rolt, adasonkhanitsa anzake ku Birmingham, ndipo adapangana kuti sitimayo aziyendetsa okha, osayembekeza malipiro. Pa 14 Meyi 1951, injini yokalamba yotchedwa Dolgoch, yopangidwa mu 1866, idanyamuka ndi anthu. Imeneyi idali njanji yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka.

Ena ataona kuti n'zotheka, adatengera. Njanji ya Ffestiniog idayambiranso kunyamula anthu mu 1955, ya Bluebell ku England mu 1960. Nthawi yomweyo kampani ya boma ya British Railways inali kalikiliki kusinthira ku dizilo ndi magetsi. Injini yake yomaliza yamalasha, Evening Star, idapangidwa mu 1960, ndipo pa 11 Ogasiti 1968 sitima yotsanzikira idayenda kuchokera ku Liverpool kukafika ku Carlisle ndi kubwerera, anthu atadzaza m'milatho ndi m'zitunda, makamera ali m'manja.

Ojambulawo adachita mbali yaikulu m'mbiri imeneyi. Podziwa kuti zomwe akuona zikupita, ankadzuka m'bandakucha kukabisalira sitima pokwera phiri. Anyamata ena ankalowa usiku m'malo osungira injini n'kuzipukuta okha, kuti mawa zikaoneke bwino pa chithunzi. Ku America, O. Winston Link adajambula sitima za kampani ya Norfolk and Western kuyambira 1955 mpaka 1960, zambiri usiku, atayalika mababu ochuluka owalira pamodzi. Zithunzi zotere zidadzutsa chilakolako mwa anthu omwe sadakwerepo sitima yamalasha, ndipo chilakolakocho n'chomwe chidatsegula zikwama.

Ndalamazo zidapeza ntchito ku Barry, kum'mwera kwa Wales. Kumeneko Dai Woodham, wogula zitsulo zakutha, adali ndi injini pafupifupi 300 zoti aphwanye. Popeza kuphwanya mabogi akatundu kunali kosavuta, adayamba ndi amenewo, injini n'kumangochita dzimbiri pamzere. Kuyambira 1968 mpaka 1990 magulu a anthu adawombolako injini 213. Zina zidatenga zaka makumi kuti zipumenso, akuzikonza ndi anthu obwera Loweruka ndi Lamlungu ataweruka ku ntchito zawo. Luso litakhwima, adayerekeza chachikulu: mu 2008 ku Darlington idatuluka Tornado, injini yatsopano yomangidwa ndi zopereka za anthu.

Lero wokwera sitima ya Jacobite ku Scotland, kuchoka ku Fort William kupita ku Mallaig, amamva injini ikuwefuka pachitunda, fungo la malasha ndi mafuta likulowera pazenera. Ikafika pa mlatho wokhota wa Glenfinnan, amatha kuona mutu wa sitima yomwe wakwerayo, pomwe ojambula ali ndandanda paphiri kumudikira. Odziwa amakonda m'mawa wozizira, chifukwa nthunzi imayera ndi kuchedwa kubalalika, ndipo amasankha pokwera, pomwe injini imagwira ntchito yeniyeni. Pali masiku ena omwe ojambula amasonkherana kubwereka sitima yonse: amatsika pamalo abwino, sitima n'kubwerera m'mbuyo, kenako n'kudutsa pamaso pawo ikufuka. Chikondichi chikapyola muyeso chimaika miyoyo pachiswe. Mu 2016, injini yotchedwa Flying Scotsman itangokonzedwa, idaimitsidwa panjira pafupi ndi St Neots chifukwa anthu adalowa m'njanji kuti ajambule.

Vuto la masiku ano ndi chakudya cha injinizo. Mgodi wa Ffos-y-fran, womwe unkapereka malasha abwino ku njanji zambiri zotere, udatsekedwa mu 2023, moti tsopano akuitanitsa malasha kunja ndi kuyesa ena ochita kuumba. Komabe malasha amagulika. Chosagulika ndi manja. Woyendetsa sitima yamalasha amayamba ndi kupukuta injini, kenako amakhala zaka ali ndi fosholo pang'anjo, kuphunzira kudyetsa moto ndi kusamala madzi, asanapatsidwe mpando wake. Luso lotere limachoka kwa mkulu kupita kwa wachinyamata ali limodzi pamoto. Tikiti iliyonse yogulidwa imathandiza kuti kuphunzitsanako kusaduke, ndipo wojambula amene amakondadi utsi wa pa chithunzi chake ayenera kukweranso ndi kulipira.