Gitala ya flamenco: chida chomwe chidakula pomvera woyimba

Ku Andalusia, kummwera kwa dziko la Spain, flamenco idayamba ndi mawu a munthu. Nyimbo zakale monga toná ndi martinete, zomwe Aromani a ku Jerez ndi ku Triana ankayimba, mpaka lero zimayimbidwa popanda gitala.

Gitala idakhazikika m'zaka za m'ma 1800, pomwe nyimbozi zidalowa m'malo omwera otchedwa cafés cantantes, monga omwe Silverio Franconetti adatsegula ku Sevilla mu 1881. M'malo aphokoso ngati amenewa, wagitala ankakwapula nsambo zonse ndi zikhadabo, kaimbidwe ka rasgueado, n'kumagogoda thabwa la gitala ndi chala kuti ovina asasokere. Kachipangizo kopanira nsambo, cejilla, kadathandizanso: woyimba aliyense ali ndi mmero wake, ndipo wagitala amangosuntha kachipangizoka kuti afike pomwe pali mawu a mnzakeyo.

Ntchito yeniyeni ili m'khutu. Mu nyimbo yotchedwa soleá, kugunda kumazungulira kakhumi ndi kawiri, ndipo mphamvu imagwera pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Woyimba akhoza kuchedwa kulowa kapena kutalikitsa mzere, koma wagitala sayenera kutaya kuwerengako. Amamupatsa poyambira, amasintha zala mawu akakhota, amamuyankha mzere ukatha. Mpata wodzionetsera amaupeza woyimba akamapuma, m'kachidutswa kotchedwa falseta.

Yemwe adakuza lusoli ndi Ramón Montoya wa ku Madrid, amene adaperekeza woyimba Antonio Chacón zaka zambiri. Chacón ankadziwika ndi malagueña ndi granaína, nyimbo zopanda kugunda kokhazikika, choncho Montoya ankadikira mpweya wa woyimba ndi kudzaza mipata ndi luso lomwe adabwereka kwa oyimba gitala ya classical. Mu 1936 adajambula nyimbo payekha ku Paris, gitala n'kuyamba kudziimira. Komabe akatswiri otsatira sadasiye kukhala pambali pa woyimba: Niño Ricardo adaperekeza La Niña de los Peines, Melchor de Marchena adaperekeza Antonio Mairena.

Ngakhale Paco de Lucía, yemwe adatchukitsa gitalayi padziko lonse, adatulutsa zimbale zambiri ndi woyimba Camarón de la Isla kuyambira mu 1969. Iye mwini ankanena kuti chomwe ankalakalaka chinali kuyimba ndi pakamwa, koma manyazi adamubisa kuseri kwa gitala.