Nkhokwe, lichero ndi ma megas

Munthu akachoka pa Chiponde n'kulowa Mandimba ku Mozambique, mawu a foni amasintha ngati ndalama za m'thumba. Bandulo imasanduka megas, browser ndi navegador, ndipo tab ndi separador, kapena aba ngati foniyo ikuyankhula Chipwitikizi cha ku Brazil. Koma liwu lakuti memória limasokoneza anthu tsidya lino ndi tsidya linalo.

Foni ikayamba ulesi, mwini wake amati yadzaza, n'kuyamba kufufuta zithunzi za ukwati. Ulesiwo osatha. Zithunzi zimakhala mu armazenamento, yomwe ili ngati nkhokwe: chimanga chimangogonamo osavutitsa munthu. Nthawi zambiri chimene chathina ndi RAM, lichero lopetera. Nkhokwe ikule bwanji, wopeta amatapa zokwana m'lichero basi, ndipo mafoni otchipa a Itel ndi Tecno ambiri lichero lawo ndi la 2 GB, ena 1 GB.

Browser ya Chrome, yomwe inatuluka mu 2008, inapangidwa moti masamba azigwira ntchito payekhapayekha, lina likagwa anzake asagwe nawo. Nzeru yabwino, koma yadyera, pakuti tsamba lililonse limafuna malo ake m'licheromo. Wophunzira zaulimi pa Universidade Católica ku Cuamba, amene watsegula masamba makumi atatu a matenda a thonje pa laputopu yakale, amamva yekha kafani kakulira. Akadina Shift ndi Esc pamodzi amaona mndandanda wa masamba onse ndi RAM imene lililonse lameza. Kawirikawiri mbava imapezeka kuti ndi YouTube yoiwalika dzulo.

Kumapeto kwa 2022 Google inabweretsa Memory Saver mu Chrome ya pa kompyuta, pa Chipwitikizi Poupança de memória, imene imagoneka masamba osagwiritsidwa ntchito. Android imachita zimenezi yokha osafunsa.

Apa m'pamene RAM imakumana ndi megas. Tsamba logonekedwa limasiya dzina lokha pamwamba, ndipo mwini wake akalibwerera nthawi zambiri limakatungidwanso pa intaneti. Ku Lisboa palibe angadandaule. Ku Ngauma, kumene bandulo ya Movitel imagulidwa ndi ndalama ya nandolo, kutungako kumamveka m'thumba. N'chifukwa chake ochenjera amatseka tab n'kusunga adiresi yake mu ma bookmark, marcadores pa Chipwitikizi, kapena kutsitsiratu tsambalo m'nkhokwe kuti akaliwerenge opanda netiweki.

Osatseka nawonso Chrome ya pa foni imawadziwa. Masamba akapitirira 99 imaleka kuwerenga, pamalo pa nambala n'kungoikapo kankhope koseka.